Matenda a Madalaivala

Lolemba, 5 Meyi

Andigoneka. Mayi a kunyumba andisiyira kope ndi cholembera, ati ndizilemba zimene madokotala akunena, chifukwa ine ndimangogwedeza mutu ngati ndamva kenako n'kuwauza zina. Sakunama.

Ndabwera chifukwa madzi anatseka. Kuyambira Loweruka sindinataye ngakhale dontho, mimba inafufuma ngati chubu cha tayala. Mng'ono wanga ndiye anandinyamula kuchoka m'galimoto mpaka pabedi, poti msana sukundilola kuponda bwino. Andilowetsa paipi, thumba la mkodzo alipachika m'mbali mwa bedi. Moyo wanga wonse ndautha pa chiwongolero cha basi, koma palibe tsiku limene ndinapuma ngati lero paipi italowa.

Asisitala a wodi ino anayamba kufunsa kumene ndachokera, dzina pambuyo. Nditati tsidya la mtsinje, kudepoti ya mabasi, anayang'anana ndi nesi mnzawo n'kundipatsa bedi loyandikana ndi tebulo lawo. Kuyang'anana kumeneko sindinakukonde.

Lachiwiri, 6 Meyi

Atenga magazi m'mawa. Mapilitsi awiri oyera a ululu, limodzi lachikasu lophera tizilombo m'chikhodzodzo.

Wodi ndi ya amuna okhaokha, ambiri aimvi, pafupifupi aliyense ndi thumba lake. Popita kosamba timalinyamula m'manja ngati tikupita kumsika. Cha kuwindo kuli Aphunzitsi, bambo a m'tauni muno, olankhula kuyambira tiyi wam'mawa mpaka magetsi azimitsidwe. Anabwera okha wapansi, tayi ali pakhosi. Ati kuchipatala cha m'dera lawo bambo wamkulu akapita ndi chimfine chomwe amamuyeza magazi, ndiye anawapeza ndi chotupa chikadali chaching'ono. Awachita opaleshoni, akudikira kuchotsedwa ulusi.

Kumanzere kwanga kuli mkulu wowotcha njerwa, wa tsidya ngati ine. Anthu akungomutcha Anjerwa. Miyendo yake inafa. Mkazi wake amamutembenuza, kumupukuta, kumumwetsa tiyi ndi supuni. Mkuluyo ndinamupatsa moni, anangondiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kundikumbukira.

Ndaona kuti ife a tsidya tonse tili mbali ino, pafupi ndi tebulo la manesi. A m'tauni ali kuwindo.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndilembe bwino. Adokotala ndi mayi wa magalasi, wosazungulira polankhula. Ati pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna pali kachiwalo kotchedwa pulositeti, ndipo kanga kalimba ngati mwala. Anakagwira ndi chala, kudzera kumbuyo. Zimenezo ndisalembe zambiri. Magazi amene anayeza amawatcha PSA. Kwa munthu wa msinkhu wanga nambala yake imayenera kukhala yosapitirira zinayi kapena zisanu. Yanga ndi 412. Akuganiza kuti ndi khansa, koma atsimikiza akadula kanyama.

Anafunsa kuti vuto la madzi linayamba liti. Ndinati chaka chatha. Mayi a kunyumba anatsokomola n'kunena kuti ndi zaka zinayi. Adokotala anafunsa chimene ndinkadikira, ndipo ndinawauza zoona: kwathu amenewa si matenda opitira kuchipatala, ndi matenda a madalaivala. Munthu umakhala pampando tsiku lonse, basi yodzaza, suima paliponse, umagwira madzi mpaka pa siteji. Ukakula madzi amayamba kutuluka mozengereza, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi mpando ndi kugwira kuja. Timasekana nazo, timati injini yayamba kuvuta kulira. Ukapita kukachipatala kathu amakupatsa mapilitsi a chikhodzodzo, n'kukuyang'ana ngati watengera kwa akazi a m'njira. Ndiye amene ali ndi mkazi kunyumba sapitako kawiri.

Adokotala anamvetsera osaseka. Kenako anati matendawa amagwira amuna mbali zonse ziwiri za mtsinje mofanana, kusiyana kuli pa kufa. Mwa odwala amene iwo amawaona, a m'tauni akufa ochepa chaka ndi chaka, pomwe a kwathu sizikusintha, chifukwa timafika zitalowa kale m'mafupa.

Anafunsanso za bambo anga. Ndinati anamwalira ndi msana. Anafunsa ngati ndili ndi mchimwene. Ndinati mng'ono wanga, dalaivala nayenso, timasiyana zaka zisanu. Anavula magalasi n'kunena kuti ameneyo abwere adzayezetse magazi, asadikire chilichonse, chifukwa nthendayi imakonda kuyenda m'banja.

Lachinayi, 8 Meyi

Adula kanyama. Singano, kudzera njira yomweyo. M'thumba muli magazi pang'ono, ati zisandidetse nkhawa.

Mutu wanga uli kuseri kwa depoti, pa khoma lija timatayirapo madzi. Ndikuwaona onse ataimirira, dzanja limodzi atatsamira khoma, mutu ataweramitsa, kudikira. A Giyawani, amene tinawatcha choncho chifukwa cha kayendedwe kawo kozengereza ngati basi ili pa giya wani, tinati anapita ndi msana. A Chipewa tinati ndi impso. Makanika wamkulu tinati miyendo inangofa yokha, ena n'kumati anamulodza. Maliro onsewa ndinanyamula nawo, ena ndinayendetsa basi ya olira. Palibe tsiku limene wina anatchula khoma lija.

Loweruka, 10 Meyi

Mng'ono wanga wabwera ndi malalanje ndi nkhani za kudepoti. Amatha kuseketsa mwana ameneyu. Ndimati mwana ngakhale ndevu zake zayera, poti bambo atamwalira ndine ndinamulera, chiwongolero chomwe ndinamuphunzitsa ndine. Aphunzitsi anaseka mpaka anagwira pa bala.

Kenako mng'ono wanga anati akupita pambali. Chimbudzi chili kumapeto kwa wodi, chitseko chake sichitsekeka, ndipo nthawi imeneyo alendo ambiri anali atatuluka. Ndinamva zonse. Chete wautali. Kenako pang'ono. Chete. Kutsokomola kodzikakamiza kuja. Pang'ono. Phokoso limeneli ndikulidziwa kuposa la injini yanga. Atabwera anandipeza nditagwira lalanje losasenda, ndipo anafunsa ngati ululu wayamba. Ndinati eya.

Ndachita mantha, kuposa tsiku limene anandiuza nambala ija.

Lolemba, 12 Meyi

Zotsatira zatuluka. Ndi khansa. Anandijambulanso mafupa. Pachithunzi pali madontho akuda m'msana, m'chiuno ndi pa nthiti ziwiri. Kuchotsa sikungatheke. Chimene angachite n'kuimana chakudya, ndipo chakudya chake ndi mphamvu yachimuna imene imapangidwa m'machende. Njira zilipo ziwiri: jakisoni wa pamimba miyezi itatu iliyonse, kapena kaopaleshoni kochotsa machendewo. Ati a m'tauni ambiri amasankha jakisoni chifukwa ali naye pafupi. Kwathu safika, ndipo munthu ukadumphitsa ndiye wangodzivutitsa.

Ndiye nkhani ija timanong'onezana kudepoti, yoti kuchipatala chachikulu amathena amuna, si yabodza kwenikweni. Chimene sitinkadziwa n'choti amathena ofika mochedwa. Aphunzitsi ali nazo zonse.

Mayi a kunyumba anati iwo anakwatiwa ndi ine, osati ndi zimenezo, ndipo ana tinabereka kale okwanira kutisowetsa mtendere. Ndinaseka, kenako misozi. Ndasaina.

Lachitatu, 14 Meyi

Achita. Anandibaya pamsana, sindinagone, ndimamva akukambirana za mpira. Pabala pakuwawa pang'ono. Msana ndiye ukuwawa kwambiri.

Lachisanu, 16 Meyi

Aphunzitsi atuluka, tayi yomwe ija. Anazungulira mabedi onse kugwira anthu chanza, n'kutilangiza kuti tizimwa madzi ambiri. Ndi munthu wabwino, koma ndinalakalaka kumugenda ndi kapu.

Masana, anthu akudya, Anjerwa atisiya. Mkazi wake anali atangotembenuka kuti atsuke supuni. Manesi anakoka makatani, ngolo inabwera, matilesi anawapukuta ndi mankhwala onunkha aja. Dzuwa lisanapendeke pabedipo panali pagona kale wina, wonyamulidwa ndi ana ake awiri. Ndinamva asisitala akufunsa kumene achokera. Yankho ndinalidziwa asanayankhe.

Loweruka, 17 Meyi

Ndalankhula naye mng'ono wanga. Ndinadikira mayi a kunyumba apite kukatenga madzi otentha, n'kumuuza kuti ndinamumva tsiku lija. Poyamba anaseka, ati achimwene mwayamba ntchito yaulonda wa kuchimbudzi. Nditamuuza za bambo athu ndi zimene adokotala ananena, kuseka kunatha. Ati zake ndi za mpando basi, akapuma masiku awiri zimasintha. Inenso ndinkatero, mawu omwewo.

Ndinamuuza kuti ndi magazi chabe, kachubu kamodzi, pansi pomwepa pafupi ndi polandirira mankhwala. Anayang'ana pa bulangeti langa, cha pakati, n'kubweza maso msanga.

“Achimwene, taonani zimene akuchitani. Mukufuna nanenso ndigone apa?”

Ndinati zimenezi andichita chifukwa ndinachedwa, iye akhoza kupulumuka nazo. Sanamve. Kenako ananena chimene chikumudya kwenikweni. Mlamu wanga, mkazi wake, wakhala akumukayikira kuyambira kale, monga amakayikiridwa dalaivala aliyense wogona kunja. Akangomva kuti mwamuna wake akuvutika potaya madzi, palibe dokotala amene angamuuze kuti si matenda a m'njira. Ati panopa amadzuka mwakachetechete, amakataya kuseri kwa nyumba kuti mkazi asamve. Anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndisawauze alamu, ndisawauzenso mayi a kunyumba. Sanandigwirepo dzanja chotero chikulire.

Ndinalonjeza, iye atalonjeza kuti ayezetsa sabata ino.

Lolemba, 19 Meyi

Mwendo wamanzere wachita dzanzi kuyambira m'ntchafu. Ndikautsina ndikumva ngati ndikutsina wa munthu wina. Ati chotupa cha m'msana chikupanikiza mtsempha. Andiyambitsa mapilitsi ochepetsa kutupa, anayi m'mawa, ndi mofini wamadzi wopha ululu pa maola anayi aliwonse. Mawa ayamba kuwotcha pamsanapo ndi makina, masiku asanu. Andilemba mizere pakhungu ndi inki, ati ndisasambepo.

Lachiwiri, 20 Meyi

Makina sawawa. Umagona chafufumimba pa tebulo lozizira, onse amatuluka, chinthu chimalira pamwamba pako.

Ndilembe ichi ngakhale mayi a kunyumba adzati ndi mankhwala. Masana ano, dzuwa lili phwee m'wodi, ndinaona amuna ataimirira pa khoma la pafupi ndi sinki, atandifulatira. A Giyawani ndinawadziwa ndi phewa lawo lopendekeka, a Chipewa ndi chipewa chawo. Bambo anga anali kumapeto. Sanatembenuke, sanalankhule, amangodikira monga tinkadikirira. Pakati pa bambo ndi makanika wamkulu panali mpata wokwana anthu awiri.

Nesi ati mofini amatero masiku oyamba. Mwina. Koma ndinawerenga mpatawo bwinobwino, ndipo sunali wa munthu mmodzi.

Lachitatu, 21 Meyi

Mng'ono wanga wabwera atapinda malaya, pamkono pali thonje lomata ndi pulasitala. Ati mwaona achimwene, ndabayitsa, zotsatira sabata yamawa. Mtima wanga unakhala pansi koyamba chibwerereni muno. Ndinadya nthochi ziwiri, ndinamuseka kuti munthu wamkulu ngati iye ankaopa kasingano.

Pochoka anawerama kuti andikweze pa pilo. Ndinamugwira mkono kuti ndidzithandize, ndipo pulasitala anamatuka n'kutsalira m'dzanja langa. Thonje loyera mbee. Pakhungu palibe kabowo, palibe kadontho. Mikono yanga yabayidwa tsiku lililonse muno, ndikudziwa mmene pobayidwa pamaonekera. Pulasitalayo ndinamuzindikiranso, ndi wa m'kabokosi ka mankhwala kamene timasunga kuseri kwa mpando wa dalaivala.

Tinayang'anana. Anatenga thonje lake m'dzanja langa, n'kuliika m'thumba, n'kunena kuti basi yake inyamuka posachedwa.

Ndinapsa mtima. Pambuyo pake chisoni. Anaima penapake munthu wa imvi, n'kumadzimata thonje kuti mkulu wake afe mtima uli m'malo.

Lachinayi, 22 Meyi

Kuwotcha kwachitatu. Mseru. Sindinadye.

Ndinalonjeza. Kudepoti munthu woulula za mnzake kwa mkazi wake sakhalanso ndi womupatsa moni, ndipo uyu si mnzanga chabe. Ndikawauza alamu, mwina banja ligwedezeka, ndipo iye sadzandikhululukira. Masiku anga oti adzandikhululukire ndi ochepa. Ndikapanda kuwauza, ndimusunga mng'ono wanga mpaka tsiku langa, azindiseketsa, azindinyamula, kenako adzabwere pabedi lino.

Ndayang'ana kukhoma kuja kangapo. Lero kulibe aliyense.

Loweruka, 24 Meyi

Kuwotcha kwatha. Mwendo sunabwerere, wamanja nawo wayamba kulemera.

Abwera onse awiri, iye ndi alamu, atanyamula supu mu fulasiki. Iye amalankhula za matayala atsopano osandiyang'ana. Mayi a kunyumba analiponso. Sindinafune kuchita zakuseri, ndiye ndinanena iye ali pomwepo. Ndinati alamu, amuna anuwa akuvutika potaya madzi monga ndinayambira ine, ndipo si matenda a akazi, ndi omwe anapha apongozi anu, omwe akundipha ine. Akayezetsa tsopano akhoza kukhala ngati bambo a tayi amene anagona kuwindo apo, amene atuluka akuyenda okha.

Mng'ono wanga anaimirira, mpando unagwa. Alamu anatsala atagwira chivundikiro cha fulasiki, osachiika pansi. Atalankhula, analankhula motsitsa, kwa mwamuna wawo, ngati ife tonse palibe.

“Mumayesa sindimakumvani mukamatuluka? Chaka chonse ndakhala ndikukumvani. Ndinapita ndekha kukayezetsa matenda aja, kawiri, osandipeza kanthu. Ndimangodikira tsiku loti mundiuze dzina lake.”

Iye anati palibe dzina lililonse. Alamu anati tsopano akudziwa, ndipo bola likanakhalapo dzinalo, chifukwa mkazi mnzako umatha kulimbana naye. Apa ndi pamene analira. Mayi a kunyumba anawatulutsa panja.

Tinatsala awiri. Anadzutsa mpando uja, n'kuubweza pamalo pake bwinobwino.

“Munalonjeza, achimwene.”

Ndinati nawenso unalonjeza. Anatuluka osatsanzika. Supu tamupatsa mkulu watsopano wa pabedi la Anjerwa.

Lamulungu, 25 Meyi

Sanabwere. Kunabwera anthu opemphera, anaimba pabedi lililonse. Ndinatseka maso kuti andidumphe, koma sanandidumphe.

Lolemba, 26 Meyi

Sanabwere. Foni yake ikungoitana.

Adokotala anakhala pamphepete pa bedi, zimene sachita. Ati PSA yatsika pang'ono, koma impso zatopa chifukwa madzi anakhala akubwerera m'mbuyo nthawi yaitali, ndipo miyendo sakuyembekeza kuti idzuka. Zimene akanatha achita. Ndibwino ndikakhale kunyumba, ndi mofini wokwanira, paipi azikandisintha kukachipatala kathu. Ndinafunsa kuti ndi miyezi kapena masabata. Anati impsozo ndi zimene zinene, koma ndisazengereze kuona amene ndikufuna kuwaona.

Anafunsa za mng'ono wanga. Ndinati ndayesetsa mpaka ndamutaya. Anati nthawi zina zimatero.

Mayi a kunyumba aphunzitsidwa kutsanula thumba, kunditembenuza, ndi kuyeza mofini ndi sirinji yopanda singano. Poyeza anatayira wina pabulangeti. Ndinawaseka kuti akanakhala kondakita wanga ndikanawachotsa ntchito, ndipo anandimenya paphewa.

Ndikumusowa. Ngakhale ndikudziwa kuti ndinachita bwino, kumusowako sikuchepa.

Lachiwiri, 27 Meyi

Ndikulemba ndili panjinga ya odwala, pakhomo lotulukira, tikudikira galimoto ya mwana wathu wamkulu. Dzanja likulemera, ndifupikitse.

Wondikankha anadzera njira ya pansi, yodutsa polandirira mankhwala. Pa benchi ya oyezetsa magazi ndinaona alamu kaye, chikwama chili pamiyendo. Pambali pawo panali iye, atavala yunifolomu ya kuntchito, kapepala kali m'manja, maso ali pansi. Alamu anali atamugwira malaya cha m'chiuno ngati mwana woti angathawe.

Ndinapempha wondikankha kuti aime. Alamu anandipatsa moni, anafunsa za miyendo. Iye sanadzuke, sanandigwire chanza. Ndinaona kuti waonda m'khosi, kaya ndi masiku atatu awa, kaya ndinali ndisanayang'anitsitse.

“Mwandivula pamaso pa mkazi wanga,” anatero, osakweza mutu.

Ndinati eya, ndakuvula.

Ndinadikira kuti mwina anena china. Chitseko chinatseguka, nesi anaitana wotsatira. Alamu anamusiya malaya. Anaimirira, anapinda dzanja la malaya mpaka m'chigongono, n'kulowa. Tinakhala pomwepo mpaka ndinamva nesi akumuuza kuti afumbate chibakera.

Zotsatira ati zituluka Lachisanu, alamu adzaimba foni. Mofiniyu akumandigonetsa nthawi zosadziwika, tsiku lina ndinadzuka osadziwa kuti kwacha kapena kukuda. Ndawauza mayi a kunyumba kuti Lachisanu asandipatse wa masana mpaka foniyo ilire, ndipo ngati ndili m'tulo andigwedeze mpaka ndidzuke.